Thandizeni: njira yachiwiri ya SAN ikuyankha ping koma deta sikudutsa

Wofunsa:

Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndimagwira ntchito ya IT pa ofesi ina ku Area 4 kuno ku Lilongwe. Tikukhazikitsa SAN, network yolumikiza maseva ku storage, pogwiritsa ntchito iSCSI, njira yotumizira deta ya ma disk kudzera pa network, kuti maseva athu awiri a Linux azisunga deta pa bokosi limodzi la storage lomwe lili ndi ma controller awiri. Cholinga n'chakuti switch imodzi ikafa, ntchito isaime. Maswitchi ndi awiri a 10G, ndawatcha A ndi B. Seva iliyonse ili ndi chingwe chimodzi chopita ku A, china ku B, ma controller nawonso chimodzimodzi. MTU, kukula kwa paketi yaikulu kwambiri yomwe ingadutse, ndaika ma byte 9000 pa maseva ndi pa storage. Ma IP onse ali mu subnet imodzi (gawo limodzi la network), ndipo maswitchiwo ndawalumikiza ndi chingwe pakati.

Ping, kauthenga koyesera ngati chipangizo chikufikika, ikuyankha mbali zonse. Discovery pa port 3260 ikuona ma target, login ikutheka, multipath -ll (multipath ndi pulogalamu yoyang'anira njira zopita ku storage) ikuonetsa njira zinayi zili bwinobwino. Koma ndikangozula mawaya a switch A kuti ndiyese, VM (kompyuta ya pulogalamu yomwe imayenda m'kati mwa seva) imauma gwa pafupifupi mphindi ziwiri. Ikadzuka, kafayilo kakang'ono kamatseguka, koma ndikayamba kukopera database imangoima. Pamene timagetsi ta pa switch B tili biriwiri, tikuthwanima ngati zonse zili m'malo. Ndikuopa kusamutsira deta ya malipiro a anthu pa chinthu chotere, poti mwezi ukatha aliyense maso amakhala pa ife. Ndiyambire pati?

Woyankha woyamba:

Achimwene, ping wamba isakunamizeni. Imatumiza ma byte 56 okha, ndiye imadutsa paliponse. Login ya iSCSI nayonso ndi timapaketi ting'onoting'ono. Chomwe mukufotokozachi, chakuti zazing'ono zikudutsa zazikulu zikukanika, ndi fungo la MTU. Mwaika 9000 pa seva ndi pa storage, nanga pa switch B penipenipo? Yesani kuchokera pa port ya seva yopita ku B: ping -M do -s 8972 kenako IP ya controller. 8972 chifukwa pa 9000 muchotsapo 20 ya IP ndi 8 ya ICMP, ndipo -M do ikuletsa kuti paketi isadulidwe panjira. Ikakana, yesani 1472. Imeneyo ikadutsa, ndiye kuti pena pake pali 1500. Pa switch ikani nambala yokulirapo, ambiri amalola 9216. Mukatero musunge config ku startup. Magetsi akathima switch n'kudzuka, zonse zomwe simunasunge zimapita, ndipo kwathu kuno zimenezi si zachilendo.

Woyankha wachiwiri:

Ndikugwirizana ndi achikulire pamwambapa, koma ine chandidetsa nkhawa ndi subnet imodziyo. Linux ikakhala ndi ma port awiri mu subnet imodzi, imatha kuyankha ARP (funso lofufuza chipangizo chomwe chili ndi IP inayake) kudzera pa port iliyonse, ndipo mapaketi amatulukira pomwe routing table yasankha. Mwina njira zinayi mukuzionazo zonse zimadutsira ku A, B inangokhala chokongoletsa. Gawani: mbali ya A subnet yakeyake, ya B yakenso. Chingwe chapakaticho chichoke. Ndipo wina asakuuzeni kuti mumange ma port awiriwo ndi LACP kuti akhale ngati chingwe chimodzi. Pa iSCSI ntchito yosankha njira ndi ya multipath.

Woyankha wachitatu:

Mphindi ziwirizo ndazizindikira. Mu iscsid.conf muli replacement_timeout, ndipo imabwera ili pa masekondi 120. Seva imadikira nthawi yonseyo isanavomereze kuti njira yafa. Pogwiritsa ntchito multipath anthu amaitsitsa kwambiri. Onaninso ma port opita ku maseva ngati ali edge port kapena portfast, apo ayi spanning tree yakale, yomwe imateteza kuti mapaketi asamazungulire pakati pa maswitchi, imagwira port masekondi 30 mukabwezeretsa chingwe.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndangochokera ku chipinda cha maseva. Ku A, 8972 ikudutsa. Ku B ikukana, 1472 yokha ndiye ikuyankha. Ndalowa mu switch B, ma port onse ali pa 1500. Ndaika 9216, ndasunga, ndayesanso, tsopano ikudutsa ndipo database yakopereka mawaya a A ali ozula. Za subnet ndi timeout ndichita Loweruka anthu akaweruka, sindikufuna kugwira zinthu ali pa ntchito.

Ndatsala ndi ziwiri. Achemwali munayankha kachiwiri, mwati chingwe chapakati chichoke, koma panopa ndimalowera mu switch B kudzera pomwepo. Ndikoke chingwe china kuchokera pa management port kupita ku network ya ofesi, kapena pali njira yabwino kuposa imeneyi? Chachiwiri, ndili chogwada kuseri kwa rack ndaona kuti maswitchi onse awiri akudya moto pa UPS imodzi (batire yothandiza magetsi akathima). Ndalama yogulira ina chaka chino palibe. Kodi ndisiye A pa UPS, B ipite molunjika ku soketi ya jenereta, kapena pamenepo ndikuitana vuto lina? Amene munakumanapo nazo ndiuzeni.