Thandizo: ma shock a kagalimoto ka rimoti akudontha oilo

Abale pa gulu pano, moni. Ndili ku Chitakale, Mulanje. Mwana wanga analandira kagalimoto kampikisano ka rimoti kuchokera kwa amalume ake aku Joni, ka saizi ya 1/10 ya galimoto yeniyeni, ka batire. Timakathamangitsa pa bwalo la mpira madzulo, ana amudzi onse atazungulira.

Vuto lili pa ma shock akumbuyo. Anayamba kunyowa, fumbi lofiira lija n'kumamatirira pa kachitsulo kolowa ndi kutuluka. Kenako kagalimoto kanayamba kudumphadumpha ngati chule, kakatera pa kachulu mimba imagunda pansi. Ndinatsegula n'kuthiramo oilo wa injini, 20W-50, poti ndi amene anali pafupi. Tsopano m'mawa kukakhala chiperoni ma shock amauma gwaa, masana afewa, ndipo kudontha kwawonjezeka. Mwana akungondiyang'ana, mtima ukundiwawa chifukwa ndine ndinagwira.

Kodi oilo woyenera ndi uti? Makaniko wa njinga zakabaza akuti ndithire oilo wa mafoloko. Nanga ndikamanga sipuling'i kwambiri, kugunda pansi kutha?

Yankho loyamba: Achimwene, khuthulani wa injiniyo lero lomwe. Timagalimoto timeneti timafuna oilo wa silicone, chifukwa sasintha kwambiri kukazizira kapena kukatentha. Pabotolo pamalembedwa wt kapena cSt, miyeso ya kulemera kwa oilo. Yambani ndi 30wt, ndi pafupifupi 350 cSt. Pa bwalo la mabampu musapite ku wolemera kwambiri, matayala amalephera kutsata nthaka. Koma oilo yekha sathetsa kudontha. Pansi pa shock pali timphira tating'ono tozungulira, ma O-ring. Fumbi likalowa limatidya, ndiye tisintheni. Onaninso kachitsulo kaja, ngati kapinda kapena kakandika mphira watsopano sakhalitsa.

Pothira musapupulume. Dzadzani, kankhani pisitoni (kambale ka kunsonga kwa kachitsulo kaja) pang'onopang'ono mmwamba ndi pansi, muona tithovu tikukwera. Imikani shock chilili mphindi 10 thovu lithe, kenako tsekani pang'onopang'ono, oilo wotsala asefukire yekha. Thovu likatsalira mkati mumamva kuti fwefwe mukakanikiza, kudumpha kuja kumabwereranso. Awiri akumbuyo azibwerera mofanana.

Yankho lachiwiri: Za sipuling'izo ayi bambo. Kumanga kolala, kamphete kopanikiza sipuling'i, kumangokweza galimoto, sikulimbitsa sipuling'i. Ikani batire, kanikizani kagalimoto pansi n'kukasiya, muone pamene kakhazikika. Timikono ta matayala tikhale pafupifupi mopingasa. Kakamagundabe pansi ndiye muganize za oilo wolemererako kapena sipuling'i yolimba.

Yankho lachitatu: Ine ndili ku Luchenza, ndinathirapo wa mafoloko. Kanayenda ndithu, koma sindingakunamizeni, sanafike pa silicone. Auzeni amalume akewo atumize pa basi ya ku Joni botolo limodzi ndi ma O-ring, n'zopepuka.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse. Ndamasula onse anayi, ndatsuka, ndipo kachitsulo kamodzi ndi kopindadi, ndakagubuduza pa galasi kakuyenda motsimphina. Amalume ake ndawaimbira. Funso lina achimwene oyamba aja: kutsogolo ndi kumbuyo ndithire oilo wofanana, kapena kumbuyo kumene kuli mota kukhale wolemera? Ndiponso kachitsulo kopindako kangawongoke, kapena ndiitanitsiretu kena basi isananyamuke Lachisanu?