Digiri ndili nayo koma malume akuti ndikaphunzire kuwotcherera, nditani abale?

A admin chonde mundibisire dzina, anzanga ambiri ali mgulu lomwe lino.

Ndine mnyamata wa zaka 28, kwathu ndi ku Kasungu koma pano ndikukhala ndi malume anga ku Lilongwe. Ndinamaliza digiri ya social science mu 2021 pa yunivesite ina ya boma, ndipo ndinakhoza bwino ndithu. Chimalizireni ntchito yokhazikika sindinaipezepo. Internship ya boma ija ndinalowako, nthawi itakwana tinabwerera kunyumba, kenako ndi timaganyu ta ma NGO tokatolera data m'midzi, masabata awiri atatu basi zatha, nkukhalanso miyezi osagwira kanthu.

Ndili ndi kope lomwe ndimalembamo paliponse pomwe ndaapulaya, tsiku lake ndi malo ake. Dzulo ndimawerenga, malo apitirira 90, ondiitana ku intavyu ndi 4 okha. Ndalama zomwe zapita pa fotokope, ma envulopu a khaki ndi bandulo ndikadagula nazo njinga ya kabaza. Vakansi iliyonse akuti zaka zitatu kaya zisanu za experience, nde ine ndizitenge kuti poti palibe akufuna kukhala woyamba kundilemba? Chinandiwawa kwambiri ndi intavyu yomaliza, anandikhazika pa kompyuta nkundipatsa data kuti ndiikonze mu Excel ndi SPSS mphindi 30, manja amanjenjemera chifukwa kusukulu zimenezo tinkangozionera pa bolodi, kalasi yodzadza makompyuta ochepa. Ma theory ndikhoza kukulakatulirani mpaka mawa koma palibe anandifunsa.

Tsopano nkhani ndi iyi. Malume ali ndi shedi yowotcherera ku Mchesi, amapanga mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabagala, mageti. Iwo sukulu analekezera fomu 2 koma ndi amene akundidyetsa, olo bandulo yoti nditumizire CV amagula ndi iwo. Sabata yatha anandiitana madzulo atatseka shedi, manja akuda bii, nkundiuza kuti mphwanga zaka zikupita, bwera uzigwira nane ndikuphunzitse, makwacha a kotesheni ndi kulankhula ndi makasitomala ine zimandivuta iwe ungathe. Mtima wanga unavomera pompo.

Vuto ndi mayi. Loni inalipira fizi koma zina zonse anali iwo, fodya wa zaka zinayi ndi mbuzi zonse zinathera pa ine. Chithunzi changa cha gauni chili pakhoma pabalaza, mlendo aliyense amamuonetsa. Nditawauza pa foni anakhala chete nthawi yaitali kenako ndikumva akulira, akuti ndinavutikira kuti mwana wanga adzakhale mu ofesi osati azipsa ndi moto wa zitsulo, anthu kuno adzati chiyani. Usiku umenewo sindinagone.

Nde ndithandizeni. Ndilowe mu shedi kapena ndidikirebe? Alipo muno anasiya za digiri nkuyamba ntchito yamanja, zikuyenda bwanji? Ndipo mayi ndiwauze bwanji kuti asaone ngati ndataya thukuta lawo?

Wina wayankha:
Achimwene lowani mu shedi mawa lomwe, musachedwe. Ine ndinapanga education koma pano ndimaika magetsi ndi ma sola m'nyumba za anthu, chaka chachinayi chino. Poyamba manyazi amakugwira, makamaka ukakumana ndi amene munali nawo kalasi imodzi iwe uli mu ovolosi, koma amatha ukayamba kulipira wekha lendi. Chomwe ndingakuuzeni, musangophunzira kwa malume nkukhala opanda pepala. Pitani ku TEVETA mukafunse, ali ndi njira yoyesa anthu omwe anaphunzirira ntchito pa shedi nkuwapatsa satifiketi, amati RPL. Kapena mulowe Lilongwe Technical College muli nayo pafupi. Pepala limenelo ndi lomwe lidzakulowetseni pa ma site akuluakulu. Koma ndisakunamizeni kuti ndi zophweka, magetsi akathima tsiku lonse lapita, ndipo chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 zitsulo ndi ma rodi zinakwera moti kotesheni ya lero sabata yamawa siigwira. Ndipo gulani chigoba chabwino chakumaso, magalasi akuda amumsika aja ayi, maso amalasa usiku ngati athiramo mchenga.

Mayi wina:
Mwana wanga nkhani ngati iyi sakambira pa foni. Kwera basi upite ku Kasungu, ndipo usapite wekha, upite ndi malume akowo. Iwowo ndi eni mbumba, mlongo wawo adzawamvera kuposa iwe. Ine ndine kholo, wanga anamaliza za uphunzitsi wa pulayimale anakhala pakhomo zaka akudikira kuitanidwa, ndimadziwa mmene zimawawira. Mayi ako sakulira chifukwa cha zitsulo ayi, akulira chifukwa akuona ngati anakulephera. Ukawauze kuti digiri ili pompo palibe angakulande, ndipo geti loyamba lomwe udzapange wekha kaya ndi chitseko, ukawaikire panyumba pawo.

Wina:
Aise bwanji osangoyesa kunja? Anzathu anapita ku Israel kukagwira m'minda mu 2023, ena ali ku Joni akutumiza ndalama. Kuno tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni mu 2020, iwe unaiona yako?

Wina wamuyankha:
Kunja kulibe vuto ngati njira yake ili yoongoka, koma samalani ndi ma ejenti a pa WhatsApp oti tumizani kaye ndalama ya fomu. Mng'ono wanga anadyeredwa choncho, nambala inangozima. Komanso ku Joni ukafika wopanda mapepala digiri yako palibe aifunse, amene amapezako msanga ndi omwe ali ndi luso m'manja. Nde olo atafuna kupita, aphunzire kaye kuwotchererako.

Wina:
Ine ndimakhala nawo pa ma intavyu kuntchito kwathu, ndikuuzeni zomwe timaona. Vakansi imodzi ma envulopu amadzadza katoni, ambiri digiri yofanana, CV yofanana ngati anakoperana. Chimatikopa ndi munthu woti akuonetsa chomwe anachitapo ndi manja ake. Inuyo mwatolerapo data m'midzi, imeneyo ndi experience, ilembeni bwino, ma projekiti angati, maboma ati, munagwiritsa ntchito chani kaya ndi KoboCollect, pulogalamu ya pa foni yotolerera data ija. Excel ndi SPSS phunzirani madzulo pa YouTube, miyezi iwiri mukhala mutasintha. Laisensi ya njinga yamoto nayonso imathandiza pa ntchito za kumudzi. Ndipo mukamasunga mabuku a shedi ya malume, kulemba ma kotesheni, kulondola ngongole za makasitomala, zimenezonso zimalowa pa CV. Zaka zinayi zopanda kanthu pa CV ndi zomwe zimatidetsa nkhawa, osati kuwotcherera. Musaiwalenso kuti loni ya ku HESLGB ija, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a ku yunivesite, ikukudikirani, mukayamba kupeza kangachepe muziyamba kubweza.

Wina:
Ine ndikutsutsako pang'ono. Nonse mukuti alowe mu shedi, chabwino, koma tisazolowere zimenezi ngati zili bwino. Mwana wa mlimi waphunzira zaka 16 kuti adzayambirenso pa ziro? Ma yunivesite akutulutsa anthu chaka ndi chaka, makampani oti awalembe sakuchuluka, maphunziro ake ndi omwe aja a kale. Achimwene pangani zomwe zikuthandizeni koma mkwiyo wanuwo ndi woona, musauchite manyazi.

Mwini positi:
Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse, ena mwandilembera zambiri kuposa mmene ndimayembekezera. Amayi amene mwati ndipite ndi malume, ndawaonetsa uthenga wanu ndipo avomera, tinyamuka Loweruka akamaliza geti la kasitomala wina ku Area 49. Lolemba ndiyamba, akuti sabata yoyamba ndi kudula ndi kugrainda basi makina owotcherera sindigwira kaye. Achimwene a magetsi aja, ku TEVETA mukapita amafuna mutenge mapepala anji, ndipo munthu amayenera akhale atagwira nthawi yaitali bwanji asanakayesedwe?