Za udzu mu thonje zija, ndabwera ndi malipoti

Abale zikomo nonse munandiyankha. Paja ndinkafunsa ngati ndingapopere mankhwala opha udzu a Roundup mu thonje langa kuno ku Balaka litamera kale, poti mbewu yake ndi ya Bt ija, yomwe ndinkaganiza kuti singapse ndi mankhwalawo. Ambiri munati ayi ndithu, ndipo alangizi anagwirizana nanu, akuti Bt yathuyi imateteza ku mbozi za kapuchi basi, ukathira Roundup thonjelo lipsa limodzi ndi udzu womwewo. Amene munanditchulira mankhwala ena a udzu a Bullet pepani sindinatsatire, muli atrazine mmenemo, ndi wa chimanga ameneyo.

Ndinagula mankhwala a udzu a Fusilade ndikupopera mmawa kulibe mphepo, udzu usanakule. Masiku oyamba ndinkaona ngati ndataya ndalama chifukwa kapinga anali wobiriwirabe, koma itadutsa sabata anayamba kufiira, ukazula kansonga kapakati kamangosololoka katawola kutsinde. Thonje ngakhale tsamba limodzi silinapse. Koma dziwani kuti mankhwalawa amapha za mtundu wa udzu zokha, chisoso, bonongwe ndi khovani zili gwa, dawe nayenso sanamve kanthu, khasu linagwirabe ntchito ndithu ngakhale kupalira kwake kunapepuka.

China chomwe munandichenjeza ndachiona ndi maso kwa aneba. Anabwereka sipuleya yomwe inapoperapo mankhwala a udzu a 2,4-D m'chimanga, anatsuka koma masamba atsopano a thonje akutuluka opyapyala opiringizika ngati zala. Sipuleya ya thonje ikhale payokha, musabwereke. Chaka chamawa ndiyesa mankhwala a Dual pongodzala udzu usanamere, amene munagwiritsapo ku dothi la mchenga mundiuze mmene zinayendera.