Chipilala cha asilikali a pa njanji ya Nacala, kapena mjigo?

Wapampando: Moni nonse a kwathu ku Nayuchi, amene muli kumudzi ndi amene muli kutali. Zopereka za chaka chino zakwana kuyambira ntchito imodzi. Maganizo alipo awiri: mjigo kufupi ndi msika, kapena chipilala pafupi ndi siteshoni chokumbukira asilikali a Malawi Rifles amene ankalondera njanji ya Nacala pa nkhondo ya ku Mozambique. Aliyense anene zakukhosi, koma mwaulemu.

Achimwene a ku Johannesburg: Ine ndanena kale, mjigo. Amayi athu akudzukabe m'bandakucha kukaima pamzere wa madzi. Komanso nkhondoyo inali ya boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo, ifeyo inatikhudza pati?

Aphunzitsi opuma: Mwanawe, inatikhudza pakhomo penipeni. Njanji yochokera ku Nkaya kudzera kwathu kuno inatsegulidwa mu 1970, ndipo pamodzi ndi ya ku Beira ndiyo inkanyamula fodya, tiyi, shuga, feteleza ndi mafuta a dziko lino. Pofika 1984 a Renamo anali atazitseka zonse ziwiri. Katundu anayamba kuzungulira pa malole mpaka ku Durban, mitengo ya zinthu n'kukwera m'golosale iliyonse. Mu September 1986 a Machel a ku Mozambique, a Kaunda a ku Zambia ndi a Mugabe a ku Zimbabwe anabwera ku Blantyre kudzapanikiza a Kamuzu Banda kuti Malawi asamasunge a Renamo. Mwezi wotsatira a Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Mu December Malawi ndi Mozambique anasainirana pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali athu anaoloka malire pa Entre Lagos. Anadutsa pa siteshoni yathu yomweyi, ife tikuwaona.

Sajeni wopuma: Zikomo aphunzitsi. Ine ndinali mmodzi wa iwo. Tinkapita mosinthana, a ku Cobbe Barracks ku Zomba, a ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, a ku Moyale ku Mzuzu. Ntchito yathu inali yoperekeza sitima ndi kulondera anthu okonza njanji. Musaganize sitima yothamanga ngati za malasha zimene mukuziona lerozi. Panali malo ena tinkatsika, n'kumayenda pansi kutsogolo kwa injini, maso ali pa miyala ya njanji, kufunafuna pamene dothi laoneka lofukulidwa chatsopano, chifukwa pamenepo pamakhala bomba lokwirira. Ukafika pena umapeza zitsulo zazulidwa, zaponyedwa kutchire. Sitima iime, akonze, ife tagona chamimba muudzu mfuti zitaloza kuthengo mpaka amalize. Kupitirira Cuamba, cha ku Mutuáli ndi Malema, mapiri ali pafupi ndi njanji, ndipo matsanga, ndiye kuti a Renamo, ankatidikirira m'malo oterowo. Chipolopolo choyamba umachimva chikugunda bogi usanaone munthu. Mnzanga amene tinkadyera mbale imodzi anafera kumeneko, tinabwera naye atakulungidwa m'bulangete. Dzina lake silinalembedwe pamwala uliwonse umene ine ndinauona.

Achimwene a ku Johannesburg: Pepani bambo, sindinadziwe kuti munali komweko. Ndalankhula mothamanga.

Achemwali a ku Blantyre: Amalume anga anabwera m'bokosi nthawi imeneyo. Masiku a chipani chimodzi nkhani ngati izi sizinkakambidwa poyera, pamaliro anthu ankangonong'onezana. Agogo anamwalira osamva ngakhale dzina la malo amene mwana wawo anafera. Ku Zomba kuli nsanja ya asilikali a Keyala (King's African Rifles) amene anamenya nkhondo za azungu, mayina ali mbwee. Malawi Rifles inachokera mu Keyala momwemo mu 1964. Nanga amene anafera njanji yathuyathu bwanji alibe poti mwana aloze? Ine ndili ku chipilala.

Mphwanu wa ku Zomba: Akuluakulu, ndiloleni ndifunse chovuta. Pachipilalapo tidzalembapo chiyani? Nthawi yomwe asilikali ankalimbana ndi Renamo pa njanji, boma lathu lomwelo linkanenedwa kuti likuthandiza Renamo, ndipo a Payoniya (Malawi Young Pioneers) ankatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi. Asilikali atawalanda zida pa Operation Bwezani mu December 1993, ambiri a iwo anathawira ku Mozambique komweko. Tikangolemba kuti "ngwazi zathu" basi, tabisa theka la nkhani.

Sajeni wopuma: Mwana wafunsa bwino. Ifenso tinkadzifunsa zomwezo usiku m'maenje. Musachotse mbali imeneyo. Ndi imene inkatiwawa koposa.

Amayi a kumsika: Ine ndinabadwira kutsidya, ndinaoloka ndi mwana kumsana mudzi wathu utatenthedwa. Othawa nkhondo tinakwana pafupifupi miliyoni m'Malawi muno, ku Nsanje, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, konsekonse. Anthu a kuno anatipatsa malo olima tisanalandire ndi mgaiwa womwe. Ngati mukulemba mbiri, mulembenso za okonza njanji ndi oyendetsa sitima a ku Mozambique amene anafa limodzi ndi asilikali anu. Koma madziwo ndiye ndikuwafuna, sindinama.

Aphunzitsi opuma: Apa ndi pamene ine ndaima. Mwala ukhoza kudikira, anthu amene akudziwa nkhaniyi sangadikire. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, asilikali athu anabwerako mu 1993 njanjiyo itaperekedwa m'manja mwa asilikali a United Nations ochokera ku Bangladesh. Amene anali anyamata pamenepo lero ndi agogo, ena tawaika kale. Tikamanga chipilala tisanawafunse, tidzalembapo mayina olakwika ndi zaka zongoganizira. Tiyambe taajambula mawu awo, batalioni yake, chaka chake, malo ake, amene anatsala kumeneko ndani.

Msungichuma: Kunena za thumba, mjigo ndi chipilala chaka chimodzi sizitheka. Koma kujambula mawu pa foni, makope ndi thiransipoti ya anyamata awiri, zimenezo tikhoza kupatula popanda kukhudza ya mjigo.

Achemwali a ku Blantyre: Ndivomera, bola zilembedwe mu maminitsi kuti chipilala ndi cha chaka chamawa. Simenti yoyamba ndidzagula ine.

Wapampando: Zamveka. Mjigo upite patsogolo, mlembi akaonane ndi agulupu za malo ake. Aphunzitsi ndi mphwathu wa ku Zomba atsogolere zojambula mawu, kuyambira kwa a Sajeni ndi amayi a kumsika. Tilembanso kalata ku likulu la asilikali ku Lilongwe kupempha mayina ndi chilolezo choti tidzawaike pamwala. Amene muli ndi zithunzi, makalata kapena mamendulo a abale anu, dziwitsani mlembi pasanafike Loweruka.

Sajeni wopuma: Abwere Lachinayi m'mawa. Ndiitananso anzanga awiri a ku Ntaja, mmodzi anali wa wayilesi, amakumbukira masiteshoni onse mpaka ku Nampula.