Ndapeza kachithumwa m'okala, nditani?

Wobisa dzina: Abale anga pa gulu pano ndithandizeni, tulo sindikutiona. Lachiwiri ndikusesa m'okala ndinapeza kanthu kosokedwa m'kansalu kofiira, kukula ngati bokosi la machesi, kokhomeredwa ndi msomali kunsi kwa kauntala pomwe timaika ndalama. Kakununkha mafuta a nsatsi. Ine ndine mayi wa mvano, zimenezi sindizidziwa. Bambo a kunyumba ali ku Joni chaka chachitatu, ndalama kuno amatumiza mwa apo ndi apo koma kwa amayi awo mwezi sudumpha. Mlamu wanga amene ndikusunga amatapa shuga ndi sopo osalemba m'buku, ndikayankhula akuti ndine wamwano. Lamulungu lapitali abusa analalikira za mwana wang'ombe wagolide amene Aroni anapanga, lero mawu aja akundilasa. Kodi ndachimwa podya ndalama za pamenepo? Nanga ndikakatentha geni siigwa?

Mkulu wa mpingo: TENTHANI LERO LOMWE, mayi! Ku Efeso anthu anatentha mabuku awo amatsenga pamaso pa onse, mtengo wake ndalama zasiliva 50,000, werengani Machitidwe 19:19. Inu mukudandaula za shuga? Funso loti geni igwa likuonetsa kale pamene mtima wanu watsamira.

Mayi wa ku Ndirande: Achemwali, okalayo munamanga nokha kapena ndi ya lendi? Mwina n'ka amene anali m'menemo kale.

Wobisa dzina: Amayi, apongozi anga sanandikondepo chilowere m'banjali. Ngakhale pa chinkhoswe anabwera mochedwa.

Wakabaza: Ngati kamaitana makasitomala musataye asisi, ndibwere ndikamange pa njinga, malonda avuta.

Mkulu wa mpingo: Iwe mnyamata, si zoseka izi. Akani anabisa zoletsedwa pansi m'hema mwake, anthu ngati 36 anafera ku Ai chifukwa cha iye. Chobisika cha munthu mmodzi chimapweteketsa khomo lonse.

Bambo wa ku Kasungu: Ine sing'anga anandidyera mbuzi ziwiri ndi tambala wakuda, akuti fodya wanga agulidwa bwino. Chaka chimenecho mabelo anabwerera ku okishoni, ngongole ya feteleza ndinabweza pogulitsa malata a nyumba. Mpaka lero mkazi wanga amandikumbutsa.

Mphunzitsi wopuma: A mkulu a mpingo, tisamangoloza chithumwa. Nanga madzi odzozedwa ndi masitika amene akhristu akumata pa zitseko? Njoka yamkuwa anapanga ndi Mose yemwe, molamulidwa ndi Mulungu, koma Aisraeli atayamba kuifukizira zonunkhira Hezekiya anaiphwanya. Zili pa 2 Mafumu 18:4.

Mkulu wa mpingo: Aphunzitsi musasokoneze nkhani! Mafuta odzozera odwala alimo m'kalata ya Yakobo. Mukufanizira zopatulika ndi nyanga?

Mphunzitsi wopuma: Yakobo ananena kuti akulu a mpingo apempherere wodwala ndi kumudzoza. Za kugulitsa botolo sanatchule.

Mkulu wa mpingo: Ndiye anthu ophunziranu mumatero. Eliya anali yekha pa Karimeli, aneneri a Baala anali 450, koma moto unagwera mbali iti?

Agogo a ku Ntcheu: Mwana wanga, usachite za phuma. Rakele anaba timilungu ta bambo ake, mwamuna wake Yakobo osadziwa, akugona nato m'hema. Nthawi itakwana Yakobo anauza banja lonse lichotse milungu yachilendo, n'kuikwirira patsinde pa mtengo wathundu ku Sekemu. Imbira mwamuna wako umufunse mofatsa, kenaka uitane abusa ndi ankhoswe. Ukatentha wekha mawa mwana akadwala malungo adzakuloza chala.

Wobisa dzina: Zikomo agogo. Ndakaika m'jumbo kuseri kwa bafa. Koma madzulo ano mlamu wandifunsa kuti wasesa kunsi kwa kauntala ndani, ndipo nsima wakana.

Mayi wa ku Ndirande: Achemwali, mpaka pano simunandiyankhe. Okalayo ndi ya ndani?