Zoyenera kuchita mukagwidwa mukuyendetsa galimoto laisensi itaimitsidwa

Pali funso la dalaivala amene apolisi anamugwira akuyendetsa galimoto laisensi itaimitsidwa; ngati zoterezi zakuchitikirani, nazi zoti muchite.

Yambani mwakatenga mbiri ya laisensiyo ku ofesi yopereka malaisensi. Onani tsiku limene anaiimitsa, chifukwa chake, makamaka adiresi imene anatumizako kalata yokudziwitsani. M'madera ambiri woimira boma pa mlandu amayenera kuonetsa kuti munadziwitsidwa zoti laisensi yaimitsidwa, ndiye kalata ikakhala kuti inasochera chifukwa cha ofesiyo, loya wanu agwira pomwepo. Koma ngati munasamuka osawauza, mfundoyi imafooka.

Ngati vuto linali chindapusa chosalipira, lipirani tsiku la mlandu lisanafike, malisiti mupite nawo kukhoti. Mlandu sufafanizika ndi malisiti okha, komabe woweruza angachepetse chilango. Musagwirenso chiwongolero mpaka ofesiyo itatsimikiza polemba kuti laisensi yabwezeretsedwa.