Ndagula kamera ya Canon 5D Mark III koma aperture sakusintha, Loweruka ndili ndi chinkhoswe

Wa ku Area 49:
Akuluakulu mwaswera bwanji muno. Ine kujambula ndimangochita za chikondi chabe, ana kunyumba, kwaya kutchalitchi, ndi ka Canon 1200D. Pano achimwene anga andibweretsera 5D Mark III yogwirapo kale kuchokera ku Johannesburg, ndi lenzi ya 24-105 f/4. Chinthu chake ndi chachikulu aise, chogwirira chake chimadzadza dzanja lonse, kachala kakang'ono kamene kamalendewera pansi pa 1200D pano kapeza pokhala, ndipo ukasuzumira mu viewfinder muli mbee ngati watsegula zenera. Koma kulemera eee, khosi layamba kale kudandaula. Nde mavuto ndi awa, ndikaika pa M (posintha zonse wekha) shutter (liwiro lomwe kamera imatsegula ndi kutseka) ikusintha bhobho koma aperture (kukula kwa bowo lolowera kuwala mu lenzi) yangoima pa f/4, batani la Av lija losinthira aperture sindikulipeza paliponse. Lenzi yanga ya 18-55 ikukana kulowa. Fulashi ya pamwamba palibenso. Komanso zithunzi zamnyumba zikutuluka zachimbuuzi kuposa za kakamera kakale. Msuweni wanga wandipempha ndimujambulire chinkhoswe Loweruka likubwerali muholo, thandizeni ndisakachite manyazi

Madala a Studio, Limbe:
Takulandirani kwa akuluakulu. Batani la Av musalifune kulibe. Pa 1200D mumadina Av nkupotokola kagudumu kakutsogolo chifukwa kagudumu kanali kamodzi, pa 5D tilipo tiwiri. Chala chamkombaphala chimayendetsa shutter pamwamba, chala chachikulu chimayendetsa aperture pa gudumu lakumbuyo lija lili ndi SET pakati. Mukalipotokola muoneko L mu viewfinder kapena pa kasikirini kapamwamba?

Wa ku Area 49:
Eya madala L akubwera, ndimaona ngati akunena lenzi poti ndi ya mtundu wa L

Kamnyamata ka Video:
kkkkkk ayi biggie

Madala a Studio, Limbe:
Pansi pa gudumulo pali kaswichi kolembedwa LOCK, kakankhireni kumanzere. Ambiri timakhoma tikamaika kamera mchikwama kuti gudumu lisamayende lokha likakhudzana ndi chiuno, mwina mwini wake wakale anatero. Ndipo 18-55 yo chonde musakakamize. Tayang'anani kumbuyo kwake muona kabokosi koyera, imeneyo ndi EF-S, ya makamera a sensa yaing'ono. 5D imalandira za kadontho kofiira zokha, EF. Kumbuyo kwa EF-S kumalowa mkati kwambiri ndipo galasi lamkati mwa 5D (mirror) ndi lalikulu, anyamata ena amachotsa kapulasitiki kakumbuyo kuti ilowe, kenako galasi likamanyamuka limakamenya lenzi. Ndinaonapo ina itathyoka chomwecho, mwini wake analira. Isiyeni pa 1200D pomwepo, ndipo 1200D yo musagulitse, mupite nayo ngati sipeya

Wa ku Area 49:
L wachoka, aperture ikuyenda!! Mulungu akudalitseni madala. Nanga chimbuuzichi

Mayi wa Maukwati:
Tatumizani chithunzi chimodzi muno achimwene, mutiuzenso manambala ake, tisamangolota

Wa ku Area 49:
Ichi ndajambula madzulo pasitingirumu, 105mm, f/4, shutter 1/30, ISO (mmene kamera imamvera kuwala) 400. Ichi china ndi 50mm f/1.8 yanga yakale, iyo yalowa bwinobwino, ana atatu pampando koma woonekera bwino ndi wapakati yekha

Mayi wa Maukwati:
Ndi matenda awiri osiyana amenewa. Choyambacho ndi kugwedezeka, taonani wotchi yapakhoma manambala ake akuoneka awiriawiri. 1/30 pa 105mm ndi pang'ono kwambiri, ngakhale IS (yochepetsa kugwedezeka mu lenzi) itayatsidwa imangothandiza dzanja lanu, munthu amene mukumujambulayo akasuntha IS alibe nazo ntchito. Ndipo ISO 400 yo mukuopa chani? Chimenecho ndi chizolowezi cha 1200D, kuti ukafika 1600 chithunzi chimadzadza mchenga. Ndalama mwalipira pa 5D ndi za zimenezi, ine muholo ndimakhala pa 3200 osaphethira, zikavuta 6400, makasitomala sanadandaulepo. Pa perekaniperekani anthu akuvina, ndalama zikuuluka, musatsike pansi pa 1/250.

Chachiwiricho si kugwedezeka, ndi focus. 50mm yanu pa 1200D inkaona ngati 80mm chifukwa sensa yake yaing'ono imachulukitsa ndi 1.6, nde munkaima patali. Pano ikuona zambiri, mwasendera pafupi kuti ana adzadze chithunzi, ndipo mukasendera malo oonekera bwino amachepa. Pa f/1.8 mutaima mamita awiri, malo akuthwa sakwana ndi masentimita 20 omwe, mwana wina akangotsamira kumbuyo basi wapita. Gulu la ankhoswe mizere iwiri ikani f/5.6 kapena f/8, bwererani mmbuyo, focus pa mzere wakutsogolo. f/1.8 sungirani mkwatibwi ali yekha kapena mphete

Madala a Studio, Limbe:
Mayi anena zoona. Ndionjezereko kagwiridwe, chifukwa ambiri ochokera ku timakamera tating'ono amagwira mbali ndi mbali ngati foni. Thupi lokha ndi batire ndi magalamu 950, lenziyo 670, pamodzi mwadutsa kilo ndi theka, pomwe 1200D ndi 18-55 sizinkakwana ndi magalamu 700. Dzanja lamanzere lilowe pansi pa lenzi chikhatho chili chagada, ndilo linyamule katundu yense, lamanja ntchito yake ndi mabatani basi. Zigongono zigunde nthiti, kamera itsamire pa nsidze, mwendo wina patsogolo pang'ono. Mukazolowera muona kuti kulemerako kukuthandizani, kamera yolemera sinjenjemera msanga. Komanso pambali pa viewfinder pali kagudumu kakang'onong'ono ka maso, mwini wakale mwina amavala magalasi, kapotokoleni mpaka manambala amkatimo aoneke akuthwa

Kamnyamata ka Video:
Gulani battery grip biggie BG-E11, chogwirira chomangirira pansi pa kamera, mabatire awiri komanso imaoneka ya mphamvu, anthu amakupatsa ulemu ukalowa muholo

Mayi wa Maukwati:
Iwe munthu akudandaula khosi ukumuonjezera katundu? Ulemu sudyedwa. Batire wa LP-E6 mmodzi wabwino amakwana zithunzi mazanamazana, agule wachiwiri aike mthumba basi, a 1200D aja ndi LP-E10 salowa. Ndalama ya grip agulire lamba wodutsa paphewa, kamera izikhala pachiuno. Ine lamba wapakhosi ndinasiya kale, chinkhoswe chimati chiyamba 1 koloko koma chimatha dzuwa litalowa, ufika kunyumba khosi litauma gwa

Kamnyamata ka Video:
Chabwino mayi ndagonja kkk koma pojambula choimika grip imathandiza

Mayi wa Maukwati:
Imathandiza, achite chaka chamawa

Wa ku Area 49:
Ndayesa pompano 1/200, ISO 3200, kugwira mmene anenera madala, zasintha kwambiri moti ulusi wa nsalu yapampando ukuoneka. Koma timabokosi ta focus tachuluka, kamera ikungosankha yokha chimene chili pafupi, yagwira botolo patebulo kusiya munthu. Ndiponso zoom poonera chithunzi chala changa chikumapita kumanja pamwamba koma kulibe

Madala a Studio, Limbe:
Timabokosi tilipo 61, inu munazolowera 9. Dinani batani lakumanja pamwamba kumbuyoko kenako M-Fn pafupi ndi shutter, muzidina mpaka patsale kabokosi kamodzi. Mukatero lowani mu Custom Controls mupatse kajoyisitiki kaja ntchito yosuntha kabokosiko, simuchotsanso diso pa kamera. Zoom anaisamutsira kumanzere kwa sikirini, batani la galasi lokulitsira, kamera itangotuluka mu 2012 tonse ochokera ku Mark II tinatukwana. Momwemo mu Custom Controls mutha kuuza SET kuti azichita zoom. Nthawi ya pemphero ndi ya malangizo ikani drive pa S, shutter imalira motsitsa, abusa sakuyang'anani ndi diso loipa

Admin:
Za makhadi palibe wanena. Ili ndi malo awiri, CF ndi SD. Ikani kuti izilemba konse kuwiri, khadi ikafa pa chinkhoswe cha wachibale mudzasamuka mudzi. Kungoti malo a SD pa Mark III ndi ochedwa ngakhale mutagula khadi yothamanga bwanji, nde musamangopanikiza shutter ngati mfuti, muzidikira kagetsi kofiira kazime musanatsegule chitseko. Chithunzi chimodzi cha RAW (chosakonzedwa ndi kamera) chimadutsa 25MB, khadi ya 8GB ija yakale siikwana. Ndipo muilumikize pa kompyuta muone shutter count (kuti yajambula kangati), mu menu sionetsa, Canon anaiyeza pa 150,000, mudziwe kuti yayenda bwanji

Wa ku Area 49:
Zikomo kwambiri nonse. Chatsala ndi fulashi, holo yake ndi ya malata opanda siling'i ndipo magetsi kuno mukuwadziwa

Mayi wa Maukwati:
Popanda siling'i yoyera kuwombetsa mmwamba nkutaya batire chabe. Fulashiyo iimikeni ndi kakhadi kake koyera kaja, kapena mangirirani pepala loyera ndi labala, mukayatsa fulashi shutter isadutse 1/200 apo ayi muona mdima pansi pa chithunzi. Ndili ndi fulashi ina ya Godox yolowa pa Canon yomwe sindigwiritsa ntchito sabata ino, ndipezeni ku inbox mudzatenge Lachisanu. Mabatire a AA anayi mugule nokha, ndipo mubweze Lolemba chifukwa ndili ndi send-off